Kuyeza ntchito ya padoko: matani kapena nthawi?

Ena mwa malasha a ku Moatize amatsika pa njanji ya Sena kupita ku doko la Beira, ndiye ife a ku Tete tili ndi chonena pa kayezedwe ka ntchito ya oyang'anira madoko a boma.

Ena amawerenga matani odutsa pachaka. N'kosavuta, koma malasha akakwera mtengo kunja matani amachuluka okha, bwana n'kuyamikiridwa asanakhetse thukuta.

Ine ndili kumbali yoyeza nthawi: masiku amene kontena yakhala padoko, maola amene dalaivala wa ku Angónia wadikira pageti, mpaka kuphika nsima pa mbaula pansi pa thiraki. Kulemba zimenezi n'kotopetsa, ndipo a kasitomu akachedwetsa mapepala, mlandu ungagwere wosalakwa. Komabe umaona pomwe ntchito yaima.