Rogue woopseza: mpikisano wa madayisi, saving throw, kapena kulipira ndi Sneak Attack?

Pempho ili limabwerabwera pa matebulo a Dungeons & Dragons, masewera a nthano oponya madayisi, kuno ku Kasungu. Wosewera safuna mbala yozemba mumdima, akufuna chimbalangondo choti chikangoima pakhomo, mdani mawondo ayambe kuombana. M'buku la osewera la 2014 Rogue (kalasi ya mbala ija) wotere mulibe, ndiye DM, woyendetsa masewera, amayenera kulemba yekha subclass, nthambi yatsopano ya kalasiyo. Malo oikapo mphamvu mukuwadziwa kale: levo 3, 9, 13 ndi 17. Pagona nkhani ndi pa funso limodzi: manthawo amugwire bwanji mdani? Njira zomwe anthu amalimbirana ndi zitatu.

Tikumbutsane kaye kulemera kwa frightened, dzina la mantha m'malamulo a masewerawa. Mdani wogwidwa nayo amakhala ndi disadvantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono) pomenya ndi pa ma ability check (kuponya koyesa luso) nthawi yonse imene akumuona womuopsezayo, ndipo sangamuyandikire mwakufuna kwake. Kwa chilombo chodalira mano ndi zikhadabo, uku ndi kuchimanga miyendo.

Njira yoyamba ndi ya mpikisano: Rogue aponye Intimidation (luso loopseza), mdani aponye Insight (luso lozindikira za mumtima mwa munthu), wa nambala yaikulu wapambana. Imakopa chifukwa wosewera amaponya yekha d20, dayisi ya mbali 20, ndipo poonera palipo, pakuti Panache, mphamvu ya pa levo 9 ya subclass ya Rogue yotchedwa Swashbuckler, imalimbanitsa Persuasion ndi Insight. Koma anzanga, ichi ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ndi Expertise ndi Reliable Talent.

Tiyeni tiwerenge. Pa levo 3 proficiency (bonasi ya luso yokwera ndi levo) ndi +2, Expertise iwirikiza kukhala +4, Charisma 14 iwonjezera +2, zonse pamodzi +6. Apa palibe angadandaule, ndipo ambiri amayesera pomwepa n'kunena kuti zili bwino. Tsopano pitani pa levo 11. Proficiency yafika +4, Expertise yaipanga +8, Charisma 16 yapereka +3, zonse +11. Pa levo yomweyo, mu malamulo a 2014, Reliable Talent ikunena kuti dayisi ikagwa pa 9 kapena kutsika, iwerengedwe ngati 10. Ndiye kuti Rogue uyu sangaponye nambala yochepera 21. Ogre ali ndi Wisdom 7, kutanthauza -2, choncho ngakhale aponye 20 angofika pa 18. Sangapambane ngakhale kamodzi.

Mwina munena kuti ogre ndi chitsiru kale. Tengani adult red dragon, chinjoka cha CR 17 (CR ndi muyeso wa kuopsa kwa chilombo). M'buku la zilombo la 2014 Wisdom yake ndi 13 ndipo Insight sichinaphunzire, ndiye chili ndi +1 basi. Chitaponya 20 chifika pa 21, kungofanana ndi nambala yotsikitsitsa ya Rogue. Chondiwawa kwambiri ndi ichi: Legendary Resistance, yomwe imapulumutsa chinjokachi katatu pa tsiku, imagwira pa saving throw yokha, kuponya kodzipulumutsira. Mpikisano wa ma check siudziwa. Chitetezo chimene chinaikidwa kuti mdani wamkulu asathe ndi kuponya kumodzi chalambalalidwa. DM wakonzekera nkhondoyo masabata awiri, anthu alipira kabaza kuti afike Loweruka masana, koma chinjoka chikuluma ndi disadvantage kuyambira raundi yoyamba mpaka kufa. Moto wa m'kamwa mwake ugwirabe ntchito, inde, koma sutuluka raundi iliyonse. Osewera anzake nawonso amatopa, chifukwa nkhondo iliyonse imayamba ndi kutha mofanana.

Amene amaiteteza njirayi ndi Panache amaiwala mtengo wake. Panache imadya action yonse, kotero Rogue samenya pa turn imeneyo, ndipo siletsa mdani kuyandikira. Imangomuvutitsa akafuna kumenya ena osati Rogue mwiniwake. Mukatenga mpikisano womwewo n'kuuika pa bonus action (chochita chaching'ono chowonjezera pa turn), n'kumangirirapo frightened, mwatenga nyama n'kusiya fupa lomwe limaichititsa kulemera. Njira iyi sindiilola pa tebulo, ngakhale woilembayo akhale mbale wanga.

Njira yachiwiri ndi Wisdom saving throw pa bonus action, DC yake (nambala yoti mdani aifike kuti apulumuke) 8 kuphatikiza proficiency ndi Charisma. Rogue yemwe uja pa levo 11 ali ndi DC 15. Chinjoka chili ndi +7 pa Wisdom save, chikufunika 8 yokha, ndiye chipulumuka maulendo 13 mwa 20, ndipo Legendary Resistance ikudikira kumbuyo. Ogre akufunika 17, apulumuka maulendo 4 mwa 20. Umu ndi momwe ziyenera kukhalira, wofooka azinjenjemera, wamphamvu azivuta. Manambala ake ndi abwino. Vuto lake ndi khomo lomwe imalowera. Bonus action ya Rogue ndi yodzaza kale ndi Dash, Disengage, Hide ndi mpeni wa dzanja lachiwiri. Komanso mantha ndi kubisala sizimwerana madzi, chifukwa Rogue akabisala pa turn yotsatira mdani samuonanso ndipo disadvantage ija yapita. Mukaisiya yopanda malire, ndi mantha aulere raundi iliyonse. Mukaiika malire ofanana ndi proficiency pa long rest (kupuma kwakutali), mwamupatsa Rogue kauntala yomwe kalasi yake ilibe, chonsecho ambiri amasankha Rogue pothawa zowerengera zotere.

Njira yachitatu ndi imene ndaima nayo: mantha agulidwe ndi madayisi a Sneak Attack, owonjezera damage ya Rogue. Rogue akamenya n'kugwira Sneak Attack, achotsepo 1d6 (dayisi imodzi ya mbali 6) asanaponye, mdani achite Wisdom save. Akalephera, ali frightened mpaka kumapeto kwa turn yotsatira ya Rogue. Malamulo a 2024 ali kale ndi msika woterewu mu Cunning Strike pa levo 5, pomwe Trip, Poison ndi Withdraw zimagulidwa pa 1d6, kotero simukuyamba zachilendo. Bonus action yatsala yaufulu, palibe kauntala, ndipo pali zipata ziwiri, kumenya ndi save. Ngati mwayi womenya ndi 65 pa 100 ndipo wolephera save ndi 65 pa 100, mantha agwira pafupifupi 42 pa 100. Mtengo ukumveka m'thumba, pakuti dayisi imodzi ndi pafupifupi 3.5 ya damage, ndipo pa levo 3, pomwe Sneak Attack ndi 2d6, mwataya theka. Wosewera aziganiza kawiri, ndipo kuganizako ndiko kukoma kwa masewera.

Chilema chake ndi chakuti mtengo umatsika levo ikamakwera. Pa levo 11 madayisi ndi 6d6, kuchotsapo imodzi sikuwawa. Mankhwala ake bwerekani kwa Intimidating Presence ya Berserker, subclass ya Barbarian mu malamulo a 2014: mdani akapambana save, sangaopsezedwenso ndi mphamvuyi kwa maola 24.

Pa DC, lolani wosewera asankhe Strength kapena Charisma. Mpeni wa finesse umaloleza Strength ndipo Sneak Attack imagwirabe, choncho chimbalangondo cha minofu chikutheka. Intimidation ya Expertise isiyeni igwire ntchito pokambirana, pa chipata cha mzinda kapena pofunsa mkaidi.

Msampha wina uli pa levo 9. Ambiri amalemba kuti Sneak Attack izigwira pa mdani aliyense wa frightened, popanda advantage kapena mnzake pafupi. Zikatero mantha abala Sneak Attack, Sneak Attack ibala mantha, gudumu lizingozungulira. Ngati mukuifuna, lamulo la maola 24 lisachoke. Kumbukiraninso kuti ma golem ndi ma ooze sagwidwa ndi frightened, ndiye lembani kuti pa zoterezi dayisi yomweyo ichepetse liwiro ndi mafiti 10, kuti subclass isafe m'phanga lodzaza nazo.

Musanaipereke kwa wosewera, iyeseni nkhondo zitatu pa levo 3, 7 ndi 11, iliyonse ikhale ndi mdani wamkulu mmodzi ndi ang'onoang'ono anayi. Lembani pa pepala maraundi amene wamkuluyo wakhala ndi mantha. Akapitirira theka la nkhondo, kwezani mtengo kufika pa 2d6 kuyambira levo 9.