Vinyo wa Nederburg pa chakudya cha kwathu: uti wa chambo, uti wa kanyenya

Mwa vinyo wa ku South Africa amene amafika m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre, Nederburg ndi dzina limodzi lodziwika kwambiri. Ambiri akalimva amangoganiza za botolo limodzi, Baronne, wofiira uja wa pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Koma Nederburg imapanga vinyo wofiira, woyera, wa rosé (wofiirira pang'ono), wotsekemera ndi wa thovu, ndipo pa ndiwo zomwe timadya masiku onse, Baronne si amene amatsogola. Woyera ndi wa rosé ndiwo amagwirizana bwino ndi mphika wa kuno.

Munda wa Nederburg uli ku Paarl, m'chigawo cha Western Cape. Unayamba mu 1791, pamene Philippus Wolvaart anagula malowo ndi ndalama zokwana 5,600 za nthawiyo, ndipo n'chifukwa chake mabotolo ena ali ndi dzina loti 56Hundred. Baronne anatuluka mu 1973. Kuyambira 2023 dzinali lili m'manja mwa kampani ya mowa ya Heineken. Nederburg imapanga vinyo wochuluka zedi, choncho musayembekezere zodabwitsa za ka munda kakang'ono. Ubwino wake ndi wakuti botolo la chaka chino limakoma pafupifupi ngati la chaka chatha, ndipo zimenezi zimathandiza munthu amene akuphunzira kusiyanitsa mitundu.

Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Vinyo amafiira chifukwa makoko a mphesa amasiyidwa m'madziwo pamene yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa, kwa sabata imodzi kapena zingapo. Makokowo ndi njere amapereka mtundu komanso khambi, lija limaumitsa m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa kapena mwamwa tiyi wamasamba ochuluka wopanda mkaka. Vinyo woyera amafinyidwa n'kusiyanitsidwa ndi makoko msanga, ndiye khambi amakhala alibe, mphamvu yake ili pa kuwawasa. Rosé amakhala ndi makoko maola ochepa chabe. Mukagwira zinthu zinayi, khambi, kuwawasa, shuga ndi kuchuluka kwa mowa, mwagwira nkhani yonse ya kusankha vinyo wa chakudya.

Baronne ndi msakanizo wa mitundu iwiri ya mphesa, Cabernet Sauvignon ndi Shiraz. Amanunkhira ngati mapulamu ndi mabulosi akupsa, ndi kafungo ka mgolo wa mtengo wa oki. Khambi lake ndi lofewa, sachita kufuna kusungidwa zaka. Pa nyama ya ng'ombe yowotcha pa makala, soseji, kapena kanyenya wa mbuzi wothira mchere wokha, amachita bwino kwambiri, chifukwa mafuta ndi mchere zimafewetsa khambi pamene vinyoyo akutsuka mafuta pa lilime. Kufooka kwake n'kwakuti kukoma kumatha msanga mukameza. Ndi vinyo wa pagulu, ndipo pa ntchito imeneyo ndi woyenera ndalama yake.

Cabernet Sauvignon wa m'gulu la The Winemasters ndi wouma mutu kuposa Baronne. Amene anadyako jambula akudziwa kukoma kumeneku: chipatso chakuda chotsekemera pang'ono, kenako kuuma m'kamwa. Botolo laling'ono msinkhu, la chaka chimodzi kapena ziwiri, litsanulireni mu jagi yagalasi mphindi 30 mpaka 45 musanadye kuti mpweya ulifewetse. Amafuna nyama yamafuta, monga mchira wa ng'ombe kapena nthiti zophika maola atatu. Pa nkhuku yoyera ya m'sitolo amaimeza yonse, simumvanso nkhuku. Merlot ndi m'bale wake wofatsa, woyenera munthu amene akungoyamba kumene vinyo wofiira wosatsekemera, ndipo amayenda ndi nyemba zophika ndi nyama kapena nkhuku ya lokolo yokazinga ndi tomato.

Pinotage ndiye mphesa ya South Africa yeniyeni. Abraham Izak Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Ili ndi fungo la utsi ndi zipatso zakuda, nthawi zina ngati nthochi yakupsa, ndipo palibe china m'gululi choposa Pinotage pa nyama ya mbuzi yokhala ndi fungo lake, kapena nkhumba yowotcha. Koma Pinotage sakhululuka akatentha. Akafunda kwambiri angathe kutulutsa fungo ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo ambiri amene amati amadana naye anangomumwa wofunda. Shiraz ali ndi kafungo ka tsabola wakuda wopera, ndipo amakonda nyama yokoleretsa ndi adyo ndi jinja.

Apa pali cholakwa chomwe chafala. Mawu oti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda anachokera ku Ulaya, kumene kale chipinda chinkakhala pa madigiri 16 mpaka 18. Chipinda cha ku Salima kapena ku Nsanje mu Okutobala chimapitirira 30. Choncho vinyo wofiira alowe mu furiji mphindi 25 mpaka 30 asanatsegulidwe. Akazizira mopitirira, khambi limakula ndipo fungo limabisala, koma zimenezi zimakonzeka zokha galasi likakhala pa tebulo mphindi khumi.

Tsopano nsomba, pamene pagona nkhani kwa ife. Musathire Baronne kapena Cabernet pa chambo, kampango, usipa kapena utaka. Mafuta a nsomba akakumana ndi vinyo wofiira amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ngati mwanyambita ndalama, ndipo fungo la nsomba limakula m'malo mochepa. Nsomba zouma ndi zowamba ndiye zimanyanya.

Sauvignon Blanc wa Nederburg ndiye botolo loyamba kuligula ngati mumadya nsomba kawirikawiri. Amanunkhira magalagadeya, udzu womweta kumene ndi tsabola wobiriwira wosawawa, ndipo amawawasa bwino. Pa chambo chokazinga amagwira ntchito ya ndimu: amadula mafuta, nsomba n'kumveka kutsekemera kwake. Amapiriranso msuzi wa tomato, umene umagonjetsa vinyo wosawawasa n'kumusiya ngati madzi. Chofunika ndi kuyang'ana chaka pa botolo. Ku Cape amakolola mphesa kuyambira Januwale mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo vinyo uyu amakoma m'zaka ziwiri zoyambirira. Wa zaka zinayi amene wakhala pa shelefu yotentha amakhala atataya fungo lonse la zipatso, amanunkha ngati nandolo za m'chitini. Mumwereni pa madigiri 8 mpaka 10, kutanthauza maola awiri kapena atatu mu furiji.

Chardonnay ndi wina ndithu. Ndi wolemera m'kamwa, ndipo mbali ina imakhala m'migolo ya oki, kumene amatengako fungo la vanila ndi batala. Ameneyu ndiye yankho la ndiwo zotendera. Nkhwani, mpiru kapena chigwada chothira nsinjiro zimakuta lilime ndi mafuta a mtedza, ndipo Sauvignon Blanc amamveka wowonda pamenepo, pomwe Chardonnay amafanana nazo kulemera. Amayendanso ndi nkhuku yowotcha mu uvuni ndi mpunga wa Kilombero, komanso kampango, amene ali ndi mnofu wamafuta kuposa chambo. Asazizire kwambiri, madigiri 10 mpaka 12 akwana. Masamba owawa ngati chisoso kapena luni ndi ovuta kwa vinyo aliyense, makamaka wofiira, popeza kuwawa kwa masamba ndi khambi zimawonjezerana. Patsiku la ndiwo zoterozo vinyo angodikira.

Nsima payokha sisankha vinyo. Ilibe mafuta, mchere kapena kuwawasa, choncho sankhani potengera ndiwo.

Chenin Blanc, imene ku South Africa ankaitchula kuti Steen, ndi mphesa yolimidwa kwambiri m'dzikomo, ndipo palibe dziko lina lomwe limailima kuposa iwo. Imanunkhira gwafa ndi apozi, ndipo ndiyo msana wa vinyo woyera wotsekemera pang'ono monga Nederburg Stein. Anthu ena amanyoza Stein ndi Nederburg Rosé kuti ndi vinyo wa oyamba kumene. Akulakwa, makamaka pa chakudya cha tsabola. Tsabola wa kambuzi kapena Nali akakumana ndi vinyo wa mowa wa 14%, moto wa m'kamwa umawirikiza, chifukwa mowa umakoleza kutentha kwa tsabola ndipo khambi limawonjezera ululu. Shuga pang'ono ndi kuzizira ndizo zimazimitsa. Choncho pa nkhuku ya piripiri, samusa, kapena kanyenya womira m'tsabola, Stein kapena Rosé wozizira bwino amaposa vinyo wofiira wokwera mtengo kawiri. Kufooka kwawo kuli poyera: akafunda amasanduka ngati juwisi wa shuga wambiri ndipo amatopetsa pa galasi lachiwiri. Asachoke m'madzi oundana.

Malamulo a South Africa amathandiza pogula. Vinyo wolembedwa kuti dry, kutanthauza wosatsekemera, kawirikawiri sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita. Botolo likatchula mtundu umodzi wa mphesa, magawo 85 pa 100 ayenera kukhala a mtunduwo. Pakhosi kapena pa chivindikiro pamakhala kachidindo kotsimikizira zimenezi.

Pamene Nederburg imaposa anzake ambiri ndi pa Noble Late Harvest. Vinyo uyu amachokera ku mphesa zogwidwa ndi nkhungu ya botrytis, imene imaboola makoko, madzi n'kuuma, shuga ndi kuwawasa n'kutsala zochuluka. Günter Brözel, katswiri wopanga vinyo wa ku Nederburg, ndiye anayambitsa mtunduwu ku South Africa mu 1969 ndi vinyo wotchedwa Edelkeur, pa munda womwewu. Ndi wagolide, wokoma ngati uchi wosakaniza ndi mango ouma ndi khungu la lalanje, koma satopetsa chifukwa kuwawasa kumamugwira. Amagulitsidwa m'botolo laling'ono la 375 ml, ndipo munthu mmodzi amakwana ndi 60 ml. Lamulo lake ndi limodzi: vinyo atsekemere kuposa chomwe mukudya. Ndi keke ya nthochi, chinanazi kapena tchizi chamchere amakoma zedi. Ndi keke ya ukwati yokutidwa ndi shuga, vinyo wina aliyense wosatsekemera amamveka ngati viniga, ndipo n'chifukwa chake Brut, vinyo wa thovu wosatsekemera, amakhumudwitsa pa nthawi yodula keke.

Brut ameneyo, Première Cuvée, malo ake ndi pa zokazinga zamchere: tchipisi, usipa wokazinga, mtedza. Thovu ndi kuwawasa zimatsuka mafuta. Muziziritseni mpaka madigiri 6 kapena 8. Potsegula, masulani waya chala chili pa chotsekera, pendeketsani botolo, gwirani chotsekera ndipo zungulizani botolo, osati chotsekeracho. Mpweya wa m'katimo umaposa wa m'tayala la galimoto, ndiye musaloze munthu.

Vinyo wambiri amene anthu amati ndi woipa anawonongeka ali pa ulendo kapena pa shelefu. Botolo lochokera ku Paarl limayenda masiku ambiri pa thiraki, kenako mwina limaima pafupi ndi windo la sitolo. Kutentha kopitirira madigiri 30 kumamuphika vinyo. Zizindikiro zake ndi chotsekera chotukumuka, madontho ouma omata pakhosi, vinyo woyera wosanduka wachikasu chodera, kapena wofiira wooneka ngati njerwa ali wamng'ono. Kukoma kwake kumakhala kwa zipatso zophikidwa. Tengani botolo la kumbuyo kwa shelefu, kumene kuwala sikufika, ndipo musalisiye m'galimoto yoimika padzuwa. Fungo la katoni yonyowa limachokera ku chotsekera cha khungwa chomwe chinadwala, ndipo silichoka ngakhale mudikire. Botolo lotero libwezedwe.

Kunyumba, sungani mabotolo pansi m'kabati yamdima, kutali ndi mbaula ndi denga la malata. Otsekedwa ndi khungwa agone chammbali kuti khungwalo lisaume, pomwe a chivindikiro chopota angathe kuima. Botolo lotsegulidwa, lofiira kapena loyera, litsekedwe n'kulowa mu furiji, ndipo limwedwe m'masiku atatu kapena anayi. La thovu limafwifwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri.

Botolo la 750 ml limatulutsa magalasi asanu a 150 ml, ndipo pa chakudya cha anthu khumi mabotolo anayi amapatsa aliyense magalasi awiri. Galasi limodzi la wofiira wa 14% lili ndi 21 ml ya mowa weniweni, pamene botolo la mowa wamba la 330 ml wa 5% lili ndi 16.5 ml. Botolo lathunthu la Baronne likuposa mabotolo asanu ndi limodzi a mowa wotero, ndipo woyendetsa galimoto adziwe masamu amenewa asanatsanulire galasi lachiwiri.