Wiktionary: Dikishonale Yoonetsa Kumene Mawu Anachokera

Kwa munthu wofuna kudziwa mmene mawu olembedwa mofanana amasiyanirana tanthauzo m'zinenero zosiyanasiyana, dikishonale yaulere ya pa intaneti ya Wiktionary, imene inayamba mu 2002, ndi yothandiza kwambiri. Ubwino wake waukulu ndi woti imasonkhanitsa pa tsamba limodzi zinenero zimene zili ndi mawu amene mwafufuzawo, chilichonse ndi tanthauzo lake komanso, nthawi zambiri, mbiri ya kumene mawuwo anachokera.

Ndinaiyesa ndi mawu akuti "gift". M'Chingelezi amatanthauza mphatso, koma mukatsika m'munsi mupeza kuti m'Chiswidishi amatanthauza poizoni kapena munthu amene ali pabanja, ndipo pa tsamba lina mupeza kuti m'Chijeremani namonso ndi poizoni. Chimene chinandichititsa chidwi n'choti matanthauzo onsewa anaphuka pa muzu umodzi wonena za kupatsa, ndipo Ajeremani anafika pa poizoni kudzera pa mlingo wa mankhwala amene wodwala amapatsidwa. Mawu akuti "burro" ali ndi nkhani ina: kwa Ataliyana ndi batala, kwa anthu a ku Spain ndi bulu, koma apa mizu ya m'Chilatini ndi iwiri yosiyana, ndipo kufananako kunangochitika mwamwayi.

Pali pofunika kusamala. Dikishonaleyi imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho "Gift" ya Chijeremani ili pa tsamba lakelake, ndipo wofufuza mothamanga akhoza kuiphonya. Komanso, popeza olemba ake ndi anthu ongodzipereka, zinenero zina zafotokozedwa mozama pamene zina zangopatsidwa mzere umodzi wopanda mbiri ya mawu.