Meteosat ndi Sentinel-5P: ina imadikira, ina imazungulira

Setilaiti ziwirizi ndi za ku Ulaya, koma ntchito zake n'zosiyana. Meteosat ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imayendera limodzi ndi kuzungulira kwa dziko, choncho imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Chida chake cha SEVIRI chimajambula Africa yense pa mphindi 15 zilizonse. Ofuna kutsata namondwe ngati Freddy wa 2023, m'mene akukulira ndi komwe akulowera, amadalira diso lotereli.

Sentinel-5P, yomwe inatumizidwa kumwamba mu 2017, imadutsa pafupi, makilomita 824 okha. Chida chake cha TROPOMI chimasanthula kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pansi, n'kuzindikira mipweya monga ozone, methane ndi nitrogen dioxide. Pa mapu ake a nitrogen dioxide, dera la Mpumalanga ku South Africa, komwe amawotcha malasha popanga magetsi, limaonekera poyera, osabisika.

Koma imafika pamalo kamodzi patsiku, cha m'ma 1:30 masana. Usiku siona, ndipo mitambo ikachita bii imaphimba zapansi. Pa chenjezo la mvula yamkuntho, ine sindingaidikire mpaka mawa.