Chiwaya cha pa Nsungwi, kwa makolo amene ana awo amaitana anzawo kunyumba

Makolo anzanga aku Area 25 ku Lilongwe tinene zoona, mwana akati "mami anzanga abwere Loweruka?" ambirife timayankha kuti ayi osati chifukwa ndife ovuta, mutu umakhala wathamangira kale ku ndiwo. Anyamata a Fomu 3 amadya ngati aganyu ochokera kumunda, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mafuta ophikira timachita kuwayeza ndi supuni. Ndiye timangonamizira kuti adadi ako akupuma, kapena pita ukawerenge MSCE yayandikira.

Koma ukakaniza amapitabe kwa anzawoko, kumene sukudziwa kuti kuli wamkulu kapena ayi. Ine bola azisokosera pakhonde panga ndikuwaona.

Chimene chandithandiza ndi chiwaya china kumsika wa Nsungwi, achimwene ake alibe chikwangwani koma mudzawadziwa ndi mzere wa akabaza masana. Chipisi chawo ndi cha kachewere weniweni waku Dedza, chouma bwino kunja mkati chofewa, osati chija chonyowa mafuta chimene ukafika nacho kunyumba chimakhala chasanduka phala. Saladi wa kabichi ndi tomato amaika wambiri osanyinyirika, kambuzi amamanga payekha, zimene ndinakonda chifukwa ana ena tsabola sagwirizana naye. Ndimawaimbira kuti achimwene ndili ndi alendo, ndatumiza pa Airtel Money (Mpamba amalandiranso), akabaza abweretsa chikadali chotentha, ine ndasungunula Sobo mu jagi basi nkhani yatha, makala anga sanakhudzidwe ndipo kaya magetsi azime sizindikhudza.

Zodandaula zilipo. Nkhuku amadula tizidutswa tating'ono kwambiri, phiko lokha amaliwerenga ngati pisi, ndiye kwa gulu la anyamata bola kuwonjezera mazira okazinga. Madzulo mafuta amakhala atada, chipisi chimamveka kuwawa, itanitsani isanakwane 2 koloko. Komanso kumapeto a mwezi foni sayankha, anthu amakhala atawaunjikira, muyenera kutuma mwana ndi kontena yanu.

Anzake a mwana wangayo ndinawauza malamulo poyera, kuchipinda kulibe kulowa, 5 koloko aliyense kwawo, ndipo nambala ya mayi ake aliyense ndikhale nayo. Mmodzi anakana kupereka nambala, ameneyo chipisi anadya koma sanabwerenso.