Maphunziro a ukhalapakati ku Area 47: tsiku loyamba lakhwima, enawo akadali aawisi

Maphunziro a masiku atatuwa amachititsa ndi bungwe lina lomwe si la boma, ndipo amaitana mafumu, abusa, mashehe ndi mamembala a makomiti a mtendere. Ife tikuti pitani, koma mudziwiretu pomwe pali mphako.

Tsiku loyamba amayala maganizo awiri otsutsana a momwe dziko logawikana lingayendetsedwere. Katswiri wa za ndale Arend Lijphart amati anthu akagawikana, atsogoleri a magulu onse alowe m'boma limodzi, mipando igawidwe molingana ndi kukula kwa gulu, ndipo gulu laling'ono likhale ndi mphamvu yokana lamulo lolipweteka. Burundi idatsata njirayi utatha mgwirizano wa ku Arusha wa 2000: nduna 60 pa 100 Ahutu, 40 Atutsi, asilikali theka ndi theka. Choipa chake n'chakuti munthu amayamba kuwerengedwa ndi mtundu wake mpaka kalekale. Katswiri wina, Donald Horowitz, ndiye amati konzani malamulo a chisankho kuti wofuna upulezidenti akakamizike kukapempha voti kwa anthu omwe si akwawo. Ku Kenya, kupatula mavoti oposa theka, uyeneranso kupeza 25 pa 100 m'zigawo (makaunti) 24 mwa 47 za dzikolo.

Aphunzitsiwo amabweretsa nkhaniyi kwathu kuno mosapsatira. Mu 1994 Kummwera kudapita kwa Muluzi, Pakati kwa Kamuzu, Kumpoto kwa Chihana. Chigamulo cha khothi cha pa 3 February 2020 chidabweretsa 50+1, koma iwo amanenetsa kuti lamuloli limagwirizanitsa atsogoleri a zipani pamwamba, pamene ovota pansi akuyang'anabe kuti uyu ndi wa kuti. Apa ndiye tidakhutira nawo.

Tsiku lachiwiri n'loyeserera kuyanjanitsa, ndipo m'pomwe zimaphotchoka. Gulu limakhala la anthu khumi ndi asanu, pamene asanu kapena asanu ndi mmodzi akadakwana. Olankhula amakhala atatu, ena akungodikira tiyi. Choopsa kwambiri n'chakuti amadumpha sitepe yokumana ndi mbali iliyonse payokha musanazikhazike pamodzi. Anyamata a zipani ziwiri olimbirana malo pa depoti sangaulule pamaso pa anzawo kuti mkangano wagona pa ndalama zotolera. Adzangonena za mitundu ya nsalu. Mkhalapakati wothamangira kuti "pepesanani" amapeza kugwirana chanza, sabata ikatha zibakera zayambiranso. Mapepala onse ndi a Chingerezi, zomwe zimasiya a Gulupu ambiri panja.

Tsiku lomaliza amatchula lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, koma sanena milandu yomwe siyenera kukambidwa pansi pa mtengo. Kupha ndi kugwirira, monga zidachitikira ku Msundwe mu 2019, n'za kukhothi basi.

Musanalembetse, funsani kukula kwa magulu oyeserera, ndipo muumirire kuti akupatseni mapepala a Chichewa.