Ndemanga yanga pa mmisiri wa ku Matundo ndi batire limene anandithandiza kusankha

Ndimakhala ku Ulongwe m'boma la Angónia, ndipo ntchito yanga ndi yonyamula mbatata ya kachewere ndi nyemba kupita nazo ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200 kudzera ku Mussacama ndi ku Moatize. Galimoto imene ndimagwiritsa ntchito ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo. Ndikulemba ndemangayi patadutsa miyezi 9 chiikireni batire latsopano, chifukwa ndinafuna kuti lione kaye kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Zambezi komanso kuzizira kwa Juni kwathu kumapiri ndisananene chilichonse.

Vuto linayamba mu 2023. Ndikaimika galimoto Lachisanu madzulo n'kudzailiza Lachiwiri m'mawa, sitata inkangoti tche tche, magetsi a pa dashibodi n'kufooka, mpaka ana a pamudzi anazolowera kundikankha. Koma masiku amene ndinkayenda motsatizana inkalira bwinobwino. Ndinagula batire latsopano pa golosale ina ya zipangizo za galimoto, ndipo linandisunga miyezi 7 yokha. Ndinagulanso lina lotchipirapo, nalonso linayamba khalidwe lomwelo pasanathe miyezi 5. Pa maulendo awiri onsewo wogulitsa sanafunse funso ngakhale limodzi lokhudza galimoto, ndipo inenso sindinaganize kuti matenda angakhale kwina. Ndalama za mabatire awiriwa zimandipwetekabe mumtima, chifukwa zikanakwana feteleza wa munda wanga wonse wa chaka chimenecho.

Mnzanga wina woyendetsa chapa (minibasi) pakati pa Tete ndi Zóbuè ndiye anandilozera kwa bambo wina wachikulire, mmisiri wa zamagetsi a galimoto, amene ali ndi kagalaja ku Matundo, tsidya lino la mlatho wa Samora Machel. Nditafika ndinawauza kuti ndikufuna batire labwino koposa. Iwo anandiyankha kuti, "Achimwene, tisathamangire kugula. Tiyeni timve kaye chimene galimoto yanu ikunena." Mawu amenewa ndi amene anandikhazika pansi, pakuti ndinali nditazolowera anthu ofulumira kulandira ndalama.

Anayamba ndi kuyeza batire injini ili chete, galimoto itakhala maola angapo osalira. Chipangizo chawo choyezera magetsi chotchedwa multimeter chinaonetsa 12.1V, ndipo anandifotokozera kuti batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6V, pamene 12.2V ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu. Kenako anandiuza kuti ndilize injini, ndipo nambala inakwera kufika pa 14.1V, kusonyeza kuti alitaneta, imene imadzaza batire injini ikamalira, ikutchaja, chifukwa yabwino imapereka pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Komabe atayatsa nyale zazikulu ndi fani ya m'kati, nambala inatsika kufika pa 13.1V. Lamba wozungulitsa alitaneta anali wokhwepa ndiponso wosalala chifukwa cha kutha, moti ankaterera katundu wa magetsi akachuluka. Ine ndimanyamuka ku Ulongwe usiku kuti ndikapeze msika m'mawa, choncho ulendo wonse nyale zimakhala zoyaka, ndipo batire linkafika ku Tete lisanakhute. Atasintha lambayo, nambala inakhazikika pa 13.9V ngakhale zonse zili zoyaka.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma iwo anati chimenecho sichikufotokoza chifukwa chake galimoto imafa ikangokhala. Apa ndi pamene ndinaona luso lenileni. Anazimitsa zonse, kutulutsa kiyi, kutseka zitseko, kenako anamasula waya wa ku mutu wa negativu n'kulumikiza multimeter pakati pa wayayo ndi mutu wa batire kuti aone magetsi amene akutuluka galimoto ikugona. Anati pa galimoto ngati yanga sayenera kupitirira 0.05A, koma chipangizo chinaonetsa 0.41A. Anatenga choko n'kundiwerengera pansi pa simenti kuti magetsi otere akamatuluka maola 24 amadya pafupifupi 10Ah (muyeso wa magetsi osungidwa m'batire) pa tsiku, ndiye pa masiku 4 batire la 70Ah limakhala litataya kuposa theka. M'mawa wozizira wa ku Angónia, pamene mahita a injini ya dizilo amafuna magetsi ambiri sitata isanazungulire n'komwe, chotsalacho sichingakwanire.

Kuti apeze wakubayo, anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi uku akuyang'ana nambala. Anatha bokosi lonse koma nambala sinasunthe, ndipo ndinaona kuti mnyamata wowathandiza wayamba kutopa. Bambowo sanatekeseke. Anayang'anitsitsa pa mutu wa positivu n'kupeza waya wofiira wowonda amene sanali wa galimotoyo, anamutsatira mpaka kuseri kwa mpando, kumene kunali amplifaya ya wailesi ndi soketi yotchajira mafoni zimene munthu wina anandiikira mu 2023, chaka chomwe vuto linayamba. Anazilumikiza mwachindunji ku batire popanda fyuzi ndiponso osadutsa pa kiyi, choncho zinkayaka usana ndi usiku. Atadula wayayo, nambala inagwa kufika pa 0.02A. Chimene chinandiopsa koposa si kutha kwa batire ayi, koma kuti waya wopanda fyuzi uja anali atayamba kusupuka pamene ankakhudzana ndi chitsulo, ndipo tsiku lina akanatha kuyatsa moto ndili ndi banja langa m'galimoto. Anamulumikizanso kudzera pa kiyi ndi kumuikira fyuzi yake.

Funso lotsala linali lakuti kodi batire lakale lipulumuka. Analitchaja pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo m'mawa analiyeza ndi chipangizo cholilemetsa ngati mmene sitata imachitira. Anati labwino siliyenera kutsika kupitirira 9.6V, koma langa linagwa kufika pa 8.3V m'kanthawi kochepa. Anatsegulanso zivindikiro 6 za pamwamba pa batire n'kuyeza asidi wa m'chipinda chilichonse, ndipo chipinda chimodzi chinali chotsalira kwambiri poyerekeza ndi zinzake. Anandifotokozera kuti batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitha mphamvu kwambiri kawirikawiri, chifukwa nthawi iliyonse likatero mapuleti a mtovu a m'kati amagwira zoyera zolimba zimene sizisungunukanso, ndipo limatsala ndi malo ochepa osungira magetsi. Anawonjezera mfundo imene sindinkaidziwa: kutentha kwa Tete, kumene kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe, ndi kumene kumawononga batire pouma madzi ndi kudya mapuleti, pamene kuzizira kwa kwathu kumangoulula zimene kutentha kunawononga kale. Ine zaka zonsezi ndinkaimba mlandu kuzizira.

Posankha latsopano, bambowo sagulitsa mabatire, choncho anandiperekeza ku sitolo ina m'tauni, chinthu chimene chinandipatsa chikhulupiriro kuti malangizo awo alibe phindu lobisika. Pa shelefu panali mabatire a Willard, Exide ndi Raylite ochokera ku South Africa, komanso ena a maina amene sindinawamvepo. Dzina la kampani silinali loyamba m'maganizo awo. Anayamba ndi kukula kwa batire kuti likhale bwino m'malo mwake, ndi mbali imene mutu wa positivu uli, chifukwa ukakhala mbali yolakwika mawaya amakokedwa mpaka kuduka. Kenako anayang'ana manambala awiri, Ah yosonyeza kuchuluka kwa magetsi osungidwa, ndi CCA yosonyeza mphamvu yolizira injini kukazizira, ndipo anati kwa munthu wa dizilo wokhala ku Angónia nambala yachiwiriyi ndi yofunika kwambiri. Batire lotchipa limene ndinagula kachiwiri linali la galimoto yaing'ono ya petulo, ndipo sindinadziwe.

Chimene ndinachikonda kwambiri ndi chakuti anabwera ndi multimeter yawo m'thumba. Mabatire awiri ofanana anali pa shelefu, koma loyamba linaonetsa 12.3V pamene lachiwiri linaonetsa 12.6V, ndipo atawerenga chizindikiro cha tsiku limene anapangidwa, zinapezeka kuti loyambalo linali litakhala nthawi yaitali m'sitolo yotentha. Batire limataya mphamvu palokha ngakhale lisanagwire ntchito, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Tinatenga lachiwirilo, la 80Ah, lokhala ndi zivindikiro zotseguka kuti ndizitha kuona madzi. Wogulitsa anandichotserako pang'ono pa mtengo nditamusiyira batire lakale, koma anali waulesi polemba chitsimikizo cha miyezi 12, mpaka bambowo anaumirira kuti nambala ya batire, tsiku ndi chidindo zilembedwe pa lisiti. Ndikanakhala ndekha ndikanatuluka ndi kapepala kopanda ntchito.

Poliika anapala mitu ya mawaya imene inali ndi zobiriwira, anamanga positivu poyamba ndi negativu pomaliza, n'kupaka girisi pang'ono. Anasulanso chitsulo chopanira batire chimene chinatayika kalekale, ine n'kumangomanga ndi lekeni, ponena kuti kugwedezeka kwa m'misewu ya fumbi yopita kuminda ya ku Tsangano kumathothola mapuleti m'kati.

Pali zinthu zimene sizinandisangalatse, ndipo ndiyenera kuzinena. Ntchito inatenga masiku awiri, ndipo sanandichenjeze poyamba kuti ndidzagona ku Tete, choncho ndinalipira malo ogona amene sanali pa dongosolo langa. Mtengo wa kuyeza sanautchule mpaka pomaliza, ndipo ngakhale unali woyenera ntchito imene inagwiridwa, munthu amafuna kudziwiratu kuti awerenge mametikali a m'thumba mwake. Sanandilemberenso manambala amene anapeza, moti onse amene ndatchula pamwambapa ndinawalemba ndekha kuseri kwa buku langa la malonda. Pa galajapo palibe mthunzi wokwanira makasitomala, zimene ku Tete si nkhani yaing'ono.

Za batire lenilenilo, pa miyezi 9 imeneyi silinandikhumudwitse ngakhale tsiku limodzi. Mu Disembala galimoto inakhala masiku 12 osalira pamene tinali pa maliro kwa achibale ku Dedza, tsidya lina la malire a Calómuè, ndipo nditabwerera inalira pa kiyi woyamba. Mu Juni, m'mawa umene mame amazizira mpaka zala kuuma, sitata ikuzungulirabe mwamphamvu. Ndinagula multimeter yangayanga yotchipa, ndipo Lolemba lililonse ndisanalize injini ndimapeza pakati pa 12.5V ndi 12.6V. Madzi ndawonjezera kawiri kokha, konse pambuyo pa maulendo a m'chilimwe, ndipo ndimathira madzi otchezedwa a m'botolo ogulitsidwa pa ntchito imeneyi, osati a pachitsime kapena asidi monga ndinkachitira kale mosadziwa. Chovuta chimodzi ndi chakuti zivindikiro zake n'zolimba potsegula, ndipo chimodzi chayamba kuphwanyika m'mphepete chifukwa cha sikuludiraiva.

Kwa mmisiriyu ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodzi ndachotsa chifukwa chosanena mtengo ndi nthawi poyamba. Batire ndikulipatsa 5 pakadali pano, ndipo ndidzaliyezetsanso kwa bambo omwewo mu Seputembala, kutentha kusanafike pachimake. Mlamu wanga wa ku Furancungo ali ndi lole imene nayonso imafa ikagona masiku atatu, ndipo ndamuuza kuti asagule batire lachitatu asanapite ku Matundo ndi tsiku limodzi lapadera logona kumeneko.